"Confirm me", "verified okay": tilembe bwanji Chingerezi chomveka ponena kuti tatsimikiza chinthu?

Kalaliki_wa_ku_Kamwala

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha thandizo kwa inu odziwa Chingerezi cha mu ofesi.

Ntchito yanga ndi yolemba maimelo ndi kudzaza mafomu pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba kuno ku Kamwala. Pali ziganizo zimene timalemba tsiku ndi tsiku tikafuna kunena kuti chinthu tachiona ndipo chili bwino, kapena tikafuna kuti mnzathu atitsimikizire. Zina mwa izo ndi izi:

"Kindly confirm me if you have received the goods."
"We have verified and it is okay."
"Please verify from your end and revert."
"The payment has reflected, same has been confirmed."
"Documents well received and verified."

Makasitomala a muno mu Lusaka amatimva popanda vuto. Koma otigulitsa katundu a ku Durban ndi ku Dubai kawirikawiri amabweza imelo n'kufunsa kuti tatsimikiza chiyani kwenikweni, ndipo ma auditor, oyendera mabuku a ndalama, akabwera amati mawu akuti "verified okay" pa fayilo sakuwauza kanthu. Cholakwika n'chiyani pa ziganizo zimenezi, ndipo m'malo mwake tilembe chiyani? Nanga verify, confirm, check, certify ndi validate zimasiyana pati? Poti m'chinenero chathu zonsezi timangoti kutsimikiza.

Mkonzi_wa_Zolemba

A Kalaliki, gwero la vutoli mwalitchula nokha m'chiganizo chanu chomaliza. Mneni wathu wakuti kutsimikiza amasenza katundu wambiri. Timati "ndatsimikiza kuti ndalama zalowa", "nditsimikizireni tsiku", "tsimikizani kuti mwatseka chitseko", "ndatsimikiza mtima". Chingerezi chinagawira katunduyu aneni angapo, ndipo aliyense amanena ntchito yakeyake imene munthu wagwira. Choncho musanasankhe liwu, dzifunseni kaye kuti mwachita chiyani kwenikweni. Mwangoyang'ana? Mwayerekeza ndi chikalata china? Mwafunsa mwini wake? Kapena mwasaina kuti zikadzapezeka zabodza mudzayankha ndinu?

"Check" ndi liwu lotakasuka kuposa onse. Ndi kuyang'ana kuti muone ngati chinthu chili momwe chiyenera kukhalira, koma silinena zimene mwapeza. Munthu amene wapeza zolakwika zisanu pa invoisi akhoza kulemba "I checked the invoice" ndipo sananame. Limafuna chiganizo chachiwiri chonena zotsatira.

"Verify" ndi kuyerekeza chinthu ndi umboni wina wodalirika wochokera kwina, mpaka mwaona kuti n'zoona. Pamafunika zinthu ziwiri, choyesedwa ndi muyeso wake. N'chifukwa chake liwuli limayenda ndi "against" pa zikalata, ndi "with" pa anthu kapena mabungwe: "I verified the quantities against the delivery note", "We verified the company's registration with PACRA" (PACRA ndi bungwe la boma lolembetsa makampani). Ngati chachiwiricho palibe, simunachite verify, mwangoona ndi maso. Ndipo onani kuti kwathu "tatsimikiza" amaima yekha bwinobwino, koma "we have verified" saima yekha. Wowerenga amadikira dzina la chinthucho, ndipo mukalumphira ku "and it is okay" amatsala ndi funso lomwe a ku Dubai akukufunsanilo.

"Confirm" ndi kunena, kapena kumva kuchokera kwa mwini wake, kuti chimene chinkaganiziridwa kale chilidi choncho. Kulemera kwake kuli pa kuuzana. Verify ndi ntchito yofufuza, confirm ndi mawu otuluka ntchitoyo itatha. Aneni awiriwa amakhalira limodzi bwino m'chiganizo chimodzi: "I have verified the figures against the bank statement and can confirm that the balance is K18,450.00."

"Validate" ndi kuona ngati chinthu chikutsata malamulo a kapangidwe kake. Kompyuta ikakana TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, chifukwa mwalemba manambala 9 m'malo mwa 10, yachita validate. Koma TPIN ya manambala 10 ikhoza kudutsa pamenepo ili ya munthu wina. Kuti mudziwe kuti ndi ya kampani imene yakupatsani invoisiyo muyenera kuiyerekeza ndi kaundula wa ZRA, bungwe lotolera misonkho, ndipo apo ndiye mwachita verify. "Certify" ndikusiyira odziwa za zikalata, ndingoti musalilembe ngati mulibe udindo wosainira chinthucho.

Pali ena awiri amene simunawatchule koma nawonso timawati kutsimikiza. "Tsimikizani kuti katundu wanyamuka Lolemba" ndi "make sure" kapena "ensure", chifukwa mukumuuza munthu kuti achititse chinthucho, osati akuuzeni. "Ndikukutsimikizirani kuti tilipira" ndi "I assure you that we will pay".

Tsopano "confirm me". Apa Chichewa chathu chikuonekera pansi pa Chingerezicho. Ife timati mu-ndi-tsimikiz-ire: wouzidwayo timamulowetsa mkati mwa mneni, ndipo kachidutswa ka -ir- kamanena kuti ntchitoyo ikuchitikira iyeyo. Chingerezi chilibe kachidutswa kotere. Mukaika "me" pambuyo pa "confirm", chotsimikizidwacho ndinuyo. Mawuwa alipodi, koma tanthauzo lake ndi lina. Bwana amachita confirm wantchito akamaliza nthawi yoyesedwa, imene lamulo la Employment Code la 2019 limati isapitirire miyezi 3, ngakhale ikhoza kuwonjezedwa ndi miyezi ina yosapitirira 3. Kutchalitchi nako bishopu amachita confirm olandira ulimbitso. Pa aneni onse ndatchulawa, "assure" ndi amene amalola munthu wouzidwayo kubwera pambuyo pake. Ndiye ingochotsani "me":

"Please confirm that you have received the 200 bags of cement delivered on 12 May."

Samalaninso ndi "if". "Confirm that" mumalemba pamene mukuyembekeza kuti yankho ndi inde. "Confirm whether" mumalemba pamene simukudziwa. Koma "confirm if you have received" ili ndi matanthauzo awiri: ndiuzeni kaya mwalandira kaya ayi, kapena ndiuzeni pokhapokha ngati mwalandira. Womva tanthauzo lachiwirili, katundu akapanda kufika, amangokhala chete, inu n'kumaganiza kuti sanawerenge imelo. Masiku atatu amatha chonchi.

"Revert" m'Chingerezi cha ku Britain ndi ku America ndi kubwerera ku mmene zinthu zinalili kale. Lembani "reply" kapena "let me know". "Same" m'malo mwa dzina la chinthu ndi kalembedwe ka makalata a malonda akale, ndipo pakakhala zinthu ziwiri m'chiganizo wowerenga sadziwa kuti mukunena chiti. Tchulani chinthucho. Chiganizo chanu chachitatu chikhoza kukhala chonchi:

"Please check the attached statement against your ledger and let me know of any differences by Friday 16 May."

Muyeso umene ndingakupatseni ndi uwu. Chiganizo chilichonse chonena kuti mwatsimikiza chiyankhe mafunso anayi: chiyani, poyerekeza ndi chiyani, liti, ndipo mwapeza chiyani. Limodzi likasowa, imelo ibwerera.

Wa_Akawunti_Northmead

Ndiwonjezepo pa za ndalama ndi katundu, chifukwa apa chiganizo chosamveka chimasanduka kwacha yotayika.

"The payment has reflected" ndi mawu ofala kuno kwathu, ku Zimbabwe ndi ku South Africa, moti a ku Durban amva. Ena akutali amazolowera "has been credited to our account" kapena "appears on our statement". Koma chachikulu si liwulo. Chachikulu n'chakuti mu ofesi zambiri "payment confirmed" imalembedwa pa zinthu zitatu zosiyana kwambiri, ndipo wosunga katundu ku sitolo sadziwa kuti ndi chiti.

Choyamba, kasitomala watumiza chithunzi cha POP, umboni wakuti walipira, pa WhatsApp. Apa simunatsimikize kanthu. Lembani: "We have received your proof of payment." Basi.

Chachiwiri, mwayerekeza POP ija ndi invoisi yanu, ndalama ndi nambala zikugwirizana. Lembani: "The amount and reference on your proof of payment match invoice 0457. We are waiting for the funds to reach our account."

Chachitatu, mwatsegula akaunti yanu ya ku banki, kapena mwaona mndandanda wa zolowa pa foni ya kampani, ndipo ndalamazo zilimo. Lembani: "We confirm that K18,450.00 was credited to our account on 14 May against invoice 0457."

Katundu atuluke pa chachitatu chokha. Chithunzi cha POP chimasinthika mosavuta pa foni iliyonse, ndipo akuba amalemba uthenga wofanana ndendende ndi wa Airtel Money kapena MTN MoMo n'kuutumiza kuchokera pa nambala yawo. Umboni ndi ndalama zimene mukuziona mu akaunti yanuyanu, osati uthenga umene wina wakuonetsani. Ku banki yang'anani mzere wa "available balance", chifukwa ndalama zikhoza kuoneka pa sitetimenti zisanamasulidwe kuti muzigwiritse ntchito. Zikakhala choncho mawu ake ndi "received but not yet cleared".

Pa katundu wolowa, liwu lakuti "verified" ndimakonda kuti lisalembedwe n'komwe pa GRN, pepala lolembapo katundu amene mwalandira. Wolandira katundu alembe chimene wachita ndi manja ake. Tiyerekeze kuti oda ikuti matumba 200 a simenti a 50 kg, delivery note ikuti 200, invoisi ikutinso 200. Munthu akhoza kuyerekeza mapepala atatuwa, onse n'kugwirizana, iye n'kulemba "verified okay" asanatuluke panja kukawerenga. Pa lole patsika matumba 196. Pepala lija silinaname kwenikweni, poti mapepala anagwirizanadi, koma kampani ilipira matumba 4 amene sinalandire, ndipo palibe amene angadziwe kuti kusiyanako kunayambira pati. Kalembedwe kothandiza ndi aka:

"Counted 196 bags against 200 on delivery note 2231. Short by 4. Two bags torn. Driver informed and signed."

Ngati makatoni afika omata ndipo simunawatsegule, nenani: "Received 12 cartons, sealed, contents not checked." Anthu ambiri amaopa kulemba "not checked" poganiza kuti aoneka aulesi. Komatu mawu amenewa ndi amene amakusiyirani mpata wodandaula mukadzatsegula n'kupeza mapaipi osweka. Mukalemba "received in good condition" pa katoni yosatsegula, mwadzitsekera nokha khomo.

Ma auditor amafuna aneni onena chochitika: "counted", "inspected", "matches", "agrees with", "reconciled to". "Reconciled" ndi lolemera kuposa "matches". Limatanthauza kuti mabuku awiri mwawayerekeza mzere ndi mzere, ndipo pamene akusiyana mwafotokoza chifukwa chake, monga ndalama zimene banki yadula koma inu simunazilowetse m'buku. Musalembe "reconciled" pamene mwangoona kuti manambala a pansi afanana.

Chomaliza, ndipo ichi ndikuchinena ndi mtima wonse. Mukalandira imelo yakuti wogulitsa katundu wasintha akaunti ya ku banki, kuyankha imelo yomweyo kuti "please confirm" si kutsimikiza. Ngati imeloyo yachokera kwa wakuba, wakubayo ayankha mwaulemu kuti "confirmed". Imbani foni pa nambala imene inali kale m'fayilo mwanu, osati yolembedwa pansi pa imelo yatsopanoyo, kenako lembani: "New bank details verified by phone with the supplier's accounts office, using the number on file, 14 May, 10:20." Chiganizo chimenechi chikusonyeza njira imene mwadutsa, ndipo aliyense wochiwerenga akhoza kuona ngati njirayo inali yodalirika.

Kalaliki_wa_ku_Kamwala

Zikomo kwambiri a Mkonzi ndi inu a Akawunti, izi ndizisindikiza zikhale pakhoma. Chatsala ndi chiganizo chomaliza chija, "documents well received and verified". Timachilemba kwambiri kwa ofunsira ntchito ya udalaivala ndi ya mu sitolo akatumiza mapepala awo. Fotokope ikakhala ndi chidindo cha Commissioner for Oaths, munthu wololedwa ndi lamulo kulumbiritsa anthu ndi kudinda zikalata, kodi si ndiye kuti yatsimikizika kale? Nanga tikafufuza n'kulephera kupeza umboni, tilembe chiyani?

Mayi_wa_za_Antchito

A Kalaliki, funso limeneli ndi lofunika, chifukwa apa pali dzina la munthu ndi ntchito yake.

Poyamba "well received". M'Chingerezi chofala mawuwa amanena kuti anthu asangalala nacho chinthu, monga zolankhula za mlendo pa msonkhano. Wofunsira ntchito akhoza kumva ngati mapepala ake akusangalatsani. Lembani "We have received your documents" kapena "We acknowledge receipt of your application". Acknowledge ndi kuvomera kuti chinthu chafika, osanenapo kanthu za ubwino wake.

Za chidindo, yankho ndi ayi. Commissioner for Oaths akadinda "certified true copy of the original", akuchitira umboni chinthu chimodzi chokha: fotokopeyi ikufanana ndi pepala limene anamuonetsa. Sakunena kuti pepala lenilenilo ndi loona. Setifiketi yopeka ikhoza kujambulidwa bwino, fotokope yake n'kukhala yofanana nayo ndendende, chidindo n'kudindidwa mwachilungamo. Ndiye pali makwerero, ndipo lililonse lili ndi mawu ake.

Mwalandira fotokope wamba: "Copy received."
Mwalandira fotokope yodindidwa: "Certified copy received."
Munthuyo wabwera ndi pepala lenileni, mwaliona ndi kuliyerekeza ndi fotokope: "Original seen and copy checked against it." M'mabanki mumaona akulemba "original sighted", tanthauzo ndi lomwelo.
Mwafunsa bungwe limene linapereka pepalalo, layankha: apa pokha ndi pamene "verified" akuyenera.

Pa zotsatira za Grade 12, amene amatsimikiza ndi Examinations Council of Zambia, chifukwa ndiwo osunga kaundula wa mayeso. Pa madipuloma ndi madigiri pali ZAQA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndipo mapepala a sukulu zakunja amawaunikanso kuti aone akufanana ndi mlingo uti wa kuno. Onani kuti ntchito ziwirizi zili ndi maina awiri: "verification" ndi kuona ngati pepalalo linaperekedwadi, "evaluation" ndi kuliyika pa mlingo. Pa laisensi ya dalaivala, kaundula ali ku RTSA, bungwe loona za pamsewu, ndipo chofunika si kuona kuti laisensi ilipo chabe, koma kalasi yake ndi tsiku lothera. Chiganizo chokwanira ndi ichi:

"Driving licence verified with RTSA on 14 May: class and expiry date match the copy on file."

"Authenticate" ndi "notarise" musawagwiritse ntchito pa ntchito ya mu ofesi mwanu. Ndi mawu a zikalata zodutsa malire a dziko, zimene zimadutsa kwa Notary Public kapena ku maofesi a boma otsimikiza siginecha ndi chidindo. Kalaliki kapena bwana wa kampani sachita zimenezo.

Tsopano mukalephera kupeza umboni. Apa ndikupemphani musamale kwambiri. "We could not verify" ndi "it is false" ndi zinthu ziwiri zotalikirana. Koleji ikhoza kukhala kuti inatsekedwa, kapena sinayankhe kalata yanu, kapena dzina linalembedwa mosiyana m'kaundula. Mukalemba "fake" kapena "forged" m'fayilo kapena mu imelo popanda umboni wolembedwa, mwamunenera munthu mlandu wa chinyengo, ndipo akhoza kukutengerani kukhoti chifukwa choipitsa mbiri yake. Lembani chimene chachitika, osati chimene mukuganiza:

"Verification requested on 5 May, no response received as at 16 May."
"Unable to verify: the institution could not be reached."
"Discrepancy found: the year of completion on the certificate differs from the institution's record."
"The issuing institution has advised in writing that it has no record of this certificate."

Chomalizachi n'cholemera, koma taonani kuti sichikutchula munthu kuti wakuba. Chikungonena zimene bungwelo lanena, ndipo kalata yawo mumaisunga m'fayilo.

Kusiyana kwa maina n'kofala kwambiri kwathu kuno. Pa chiphaso cha NRC pali maina atatu, pa setifiketi awiri. Mayi anakwatiwa n'kusintha dzina. Wina kusukulu ankalembedwa ndi dzina la amalume amene ankamulera. Zotere sizifuna liwu lakuti "failed". Lembani "Name on certificate differs from NRC, affidavit requested", munthuyo abweretse chikalata cha lumbiro.

Ngati mukufuna munthu ayambe ntchito mayankho asanabwere, m'kalata yomulemba ntchito muikemo "This offer is subject to verification of your qualifications", ndipo pa fayilo "pending verification". Ndiponso nambala yonse ya NRC musamaiyike mu imelo yopita kwa anthu ambiri. Lamulo la Data Protection la 2021 limakhudza aliyense wosunga mbiri za anthu, kampani yaing'ono ya ku Kamwala nayonso ilimo.

Mphunzitsi_Chilenje

Zonse zanenedwazi n'zothandiza, koma ndisiyaneko pang'ono ndi a Mkonzi pa chinthu chimodzi, kuopa kuti a Kalaliki angachoke pano akuganiza kuti Chingerezi cha kuno n'chodwala.

Pali mitundu iwiri ya mawu imene tayisakaniza. Ena ndi a dera chabe. "Revert" potanthauza kuyankha amalembedwa tsiku lililonse ku India, ku Singapore, ku South Africa ndi m'maofesi a maloya a muno mu Lusaka, ndipo ku Dubai kuli anthu ambiri a ku India amene amalembanso chimodzimodzi. "Reflected" naye ali choncho. Amene mukulemberana nawo akawamva, palibe chatayika. Koma ena ndi osamveka kwa wina aliyense, ngakhale kwa mnzanu wokhala naye desiki imodzi: "verified and it is okay", "same has been confirmed". Awa ndi amene amataya ndalama. Nthawi ikakhala yochepa, yambani ndi achiwiriwa. Munthu akhoza kuchotsa "revert" paliponse koma n'kumalembabe ziganizo zosanena chimene chayesedwa.

Ndiwonjeze misampha iwiri imene sinatchulidwe.

Woyamba ndi funso lokana. Pa foni kuno timakonda kuyamba ndi "Confirm": "Confirm you have not received the goods?" Mnzathu ayankha "Yes". M'chinenero chathu yankholi n'lomveka. "Simunalandire?" "Inde", kutanthauza kuti inde, sindinalandire, chifukwa timavomera mawu a wofunsayo. Chingerezi sichitero. Chimatsata chochitikacho: "No, I haven't" kapena "Yes, I have". Ndiye "Yes" wa munthu wa ku Matero ndi "Yes" wa munthu wa ku London pa funso limodzimodzili akhoza kukhala otsutsana. Njira zake ndi ziwiri. Pofunsa, musaikemo "not": "Have you received the goods?" Poyankha, musalembe "yes" kapena "confirmed" yekha, malizani chiganizo: "We have not received the goods."

Wachiwiri ndi nthawi ya mneni. "Is being verified" ndiye kuti ntchito ili mkati. "Has been verified" ndiye kuti yatha. "Is to be verified" ndiye kuti sinayambe. "Is verified" imangonena mmene chinthu chilili, osanena kuti zinachitika liti. Polankhula mofulumira "being" ndi "been" zimamveka zofanana, ndipo ambiri amalemba "has being verified", zimene si Chingerezi ndipo zimamusiya wowerenga pakatikati, osadziwa ngati atulutse katundu kapena adikire. Chophweka n'kuyamba ndi munthu: "I verified it on Monday", "We are still checking". Ubwino wina n'ngwakuti wochitayo amaoneka. "It has been confirmed" imabisa amene anatsimikiza, ndipo zinthu zikavuta aliyense amati ankaganiza kuti ndi mnzake.

Mkonzi_wa_Zolemba

A Mphunzitsi, mwakonza bwino, ndikuvomereza. "Revert" ndingamusiye pa makalata a muno, koma kwa munthu amene mukumulembera koyamba ndingaikebe "reply", poti ameneyu amamveka kulikonse.

A Kalaliki, popeza zambiri mwa izi mumazilemba mobwerezabwereza, pangitsani chidindo cha labala m'malo mwa chija chongolembedwa "VERIFIED". Chikhale ndi mizere isanu yodzaza ndi cholembera: "Checked against", "Method", "Result", "Name and signature", "Date". Pa "Method" munthu alembe "counted", "phone", "original seen" kapena "bank statement". Pa "Result" alembe "agrees" kapena kusiyana kumene wapeza, ndi nambala yake. Mzere wosadzazidwa umaoneka msanga, ndipo bwana wosainira malipiro akhoza kubweza pepalalo lisanapite patali.

Pa mzere wa tsiku, mwezi ulembedwe m'mawu. 05/06 kwa ife ndi 5 June, koma kompyuta yotcheredwa mwa kalembedwe ka ku America imawerenga May 6, ndipo masitetimenti ena ochokera kunja amabwera chonchi. Lembani 5 June 2025, ndipo ngati mwatsimikiza pa foni, onjezani ola ndi udindo wa munthu amene munalankhula naye.